Anaumba njerwa za ku Mua ndani?

Teremu ino aphunzitsi athu a mbiri yakale anatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe malo amodzi a kwawo n'kulemba mbiri yake. Ine sindinachedwe kusankha. Amayi kwawo ndi kufupi ndi Mtakataka, ndipo agogo anga aakazi anabatizidwa, kulimbitsidwa ndi kumangitsa ukwati wawo m'parishi ya Mua. Ndinakhala milungu iwiri m'laibulale, n'kutulukamo ndi masamba asanu amene ndinkawanyadira.

Zimene ndinalembazo zinali zoona. Ansembe a chipani cha White Fathers anayamba ayesa kukhazikika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, koma zinthu sizinayende ndipo anachokako mu 1891. Atabweranso, atatu mwa iwo anamanga misasa ku Mua mu September 1902, m'tsinde mwa mapiri a Dedza, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe. Apa n'kuti ansembe a chipani cha Montfort atatsegula kale mishoni ya Nzama ku Ntcheu mu 1901. Ndinalemba za sukulu, za chipatala, za malo osamalirako odwala khate amene anatsegulidwa mu 1927. Ndinatchulanso kuti Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe wa Chikatolika mu 1937, amenenso anadzakhala episkopi woyamba wa Dedza, anali mwana wa komweko.

Pepala litabwerera, pansi pake panali mawu ochepa a cholembera chofiira: "Zaka zili bwino. Nanga anaumba njerwa ndani?"

Funsolo linandisowetsa tulo. M'masamba asanu aja munalibe mayi ngakhale mmodzi wosenza mtsuko wa madzi oponderapo dothi. Munalibe wodula nkhuni zowotchera uvuni. Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi ya ku Salima, n'kusintha ina yotsika mu msewu wa ku Balaka, ulendo wa kwa amayi aakulu.

Nditawafotokozera chimene ndadzera, sanayankhe msanga. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi chitini chakale cha masikono, chadzimbiri m'mbali. M'katimo munali kolona yoduka, yolumikizidwa ndi ulusi wakuda, ndi khadi la agogo lokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Khadilo lafiira ndi utsi, ndipo m'mopindamo lang'ambika mpaka analimata. Kumbuyo kwake kuli timizere ta mtulo, chaka ndi chaka, tolembedwa ndi manja osiyanasiyana. Zaka zina palibe kanthu.

"Pamenepo ndi pa njala, mwanangu," anatero amayi aakulu akuloza ndi chala. "Koma agogo ako sanajombe kukasesa kutchalitchi. Ankati ndalama ndilibe, tsache ndili nalo."

Tsiku limenelo ndinaphunzira chinthu chimene ndinakula ndikuchiona koma osachiganizira. Parishi ya kumudzi si tchalitchi chimodzi chija chachikulu. Ili ndi nthambi zambiri zomwazikana m'midzi, ndipo bambo mfumu sangafike konseko Lamulungu lililonse, makamaka dzinja mitsinje ikadzaza. Masabata amene kulibe Misa, amatsogolera mapemphero ndi akatekisiti kapena akuluakulu a mpingo. Iwowa ndiwo amaphunzitsa akalasi, kulemba maina a ana oti abatizidwe, kuyendera odwala ndi kuimirira pamanda. Pa zaka zoyambirira, aphunzitsi a m'midzi oterewa ndiwo ankagona pakati pa anthu, akuphunzitsa a, e, i, o, u pamodzi ndi katekisimu pansi pa mtengo, wansembe akungobwera mwa apo ndi apo.

Madzulo ake amayi aakulu anandiitanira ku mphakati, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba kamene kamakumana kupemphera ndi kuthandizana. Tinakhala pakhonde la nyumba ina, amayi pamphasa, abambo atatu okha pamipando ya ndalema. Atawerenga Mthenga Wabwino wa mawa lake, anakambirana za gogo wina amene denga lake likudontha, n'kugawana: uyu udzu, uyu luzi, anyamata akwere pamwamba Lachiwiri. Msungichuma anatsegula kope la ana a sukulu n'kuwerenga mokweza amene apereka za masika. Ndinali nditawerenga kale kuti miphakati inalimbikitsidwa kwambiri ndi Episkopi Patrick Kalilombe, amene anabadwira ku Mua mu 1933 n'kukhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Pa msonkhano waukulu wa dayosizi yake wa 1973 mpaka 1975, anafuna kuti mpingo ukhale m'manja mwa akhristu eni ake m'midzi mwawo. Boma la nthawiyo linakayikira timagulu timeneti, ndipo iye anachoka m'dziko muno mu 1976. Mua ili mu dayosizi ya Dedza, osati ya Lilongwe, komabe pakhonde paja ndinaona ndi maso anga chimene munthuyo ankatanthauza.

Nkhani imene inandivuta koposa ndi ya gule. Amalume, amene anameta kudambwe ali mnyamata asanalowe kalasi, anandiuza mosabisa kuti kale mishoni ndi dambwe zinali paudani weniweni. Mabuku nawo amavomereza: m'zaka za m'ma 1920 kunali kulimbana koopsa m'dera lino, ansembe akufuna ana kusukulu, akuluakulu a mudzi akuwafuna kuchinamwali. Mabanja anagawikana pakati. Lero pa mishoni yomweyo pali Kungoni, malo a chikhalidwe ndi luso amene Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa mu 1976. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, pamodzi ndi za miyambo ya Angoni ndi Ayao. Gule yemweyo bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi.

Ine ndimaona kuti ntchito ya ku Kungoni ndi yaikulu, ndipo popanda iyo zambiri zikanatayika. Osemasema amene ndinawapeza akugoba Yesu wa nkhope ya Chichewa pamtengo akudyetsa ana awo ndi luso limenelo. Koma nditafunsa amalume ngati analowamo m'chipinda cha zigoba chija, anapukusa mutu.

"Mphwanga, zija sitinkazionera pakhoma ayi."

Sanawonjezere kanthu, ndipo ine sindinawakakamize. Mawu awowo ndawaika m'pepala langa latsopano monga momwe anawanenera, moyandikana ndi ndime yoyamikira Kungoni, chifukwa zonse ziwirizo ndi za parishi imodzi, ndipo amalume omwewo ndi amene amaimba besi m'kwaya ya kunthambi kwawo.

Pepala ndalilembanso kuyambira pachiyambi. Zaka zonse zija zilimo, koma tsopano likuyamba ndi chitini cha masikono. Ndikutsuka mbale usiku womaliza, amayi aakulu anandiuza kuti kutsidya kwa mtsinje kuli agogo ena aamuna a zaka zopitirira 90, amene bambo awo ankawotcha njerwa pa mishoni. Makutu awo ayamba kuvuta, ndiye ndiyenera kukakhala pafupi ndi kulankhula mokweza. Ndasunga kale ndalama ya minibasi ya mwezi wamawa, ndi ina ya shuga ndi sopo woti ndikawatengere.