Loweruka ku Zomba: chiwaya, tepi ndi mkangano wa chenji

Kunacha ndi nkhungu paphiri, koma pofika 6 koloko amayi angapo anali akukwera kale msewu wa ku Ku Chawe. Liwiro lawo linali loyenera: kupuma mwabefu pang'ono koma n'kumathabe kucheza. Kuyenda kotere mphindi 30, masiku asanu pa sabata, kumakwanitsa mphindi 150 zimene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa pa sabata.

Masana pamsika, chiwaya cha tchipisi chinali ndi mafuta oti bii, othithima ngati uchi. Mafuta otere atenthetsedwa kambirimbiri, ndipo sayenera kulowa m'thupi tsiku ndi tsiku. Chodetsa nkhawa ndi kolesitolo, mtundu wa mafuta opezeka m'magazi, n'chakuti sapweteka. Amaunjikana m'mitsempha mwakachetechete mpaka magazi kuvutika kudutsa, ndipo ngakhale munthu wochepa thupi amatha kukhala naye wambiri. Amadziwika poyezetsa magazi basi, ndipo yense pamodzi asafike 5 mmol/L (muyeso wa pa zotsatira za magazi). Amakwera ndi mafuta a nkhumba, chikopa cha nkhuku, kanyenya wonona ndi majarini wolimba. Zothandiza zili pamsika pomwepo: nyemba, nandolo, therere, matemba a ku Chilwa, ndi mgaiwa m'malo mwa ufa woyera. Mchere usapose magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wothira m'ndiwo.

Amene alibe sikelo abwereke tepi ya telala. Ikulungidwe pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, munthu atatulutsa mpweya. Ambiri amalakwitsa pokoka mimba kapena kuyeza pamwamba pa juzi. Kuposa masentimita 80 kwa amayi, 94 kwa abambo, ndi chenjezo loti mafuta achuluka pamimba.

Madzulo kudepoti bambo wina anakangana ndi kondakitala pa nkhani ya chenji, mitsempha ya m'khosi ili njo, thukuta lili kamukamu. Munthu akapsa mtima chonchi, mtima umagunda mothamanga ndipo BP imakwera. Zikamachitika pafupipafupi mitsempha imavutika. Chochita n'kuchokapo kaye, kukoka mpweya uku mukuwerenga mpaka 4, kuutulutsa pang'onopang'ono mpaka 6, kubwereza kangapo. Musayezetse BP mukadali wolusa, makina akupatsani nambala yosocheretsa. Khalani pansi mphindi zisanu, mkono uli patebulo molingana ndi mtima. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pamasiku osiyana, pitani kuchipatala, musadikire mutu kuwawa.