Khoswe wa m'piyano ndi ankhoswe a kuchikazi

Mlongo wanga atandiimbira foni kuti mwana wake wachisamba wapeza mbeta ku Chilomoni, ndipo kuti ine monga malume ake ndikhale nkhoswe, ndinavomera mosanyinyirika, chifukwa kuyambira kale ndimadziona kuti ndine munthu wodekha amene sangachititse mtundu manyazi pamaso pa eni mbumba. Ndinaphunzitsa kupulayimale zaka 26, ndipo Lamlungu lililonse ndimaliza kiyibodi kutchalitchi kwathu, kotero kuti anthu akandiona panjira amavula chipewa. Chimene mlongo wangayo anaiwala, ndipo inenso ndinachinyalanyaza, n'chakuti ndili ndi nthenda imodzi yopanda mankhwala. Ndikangoona Tom ndi Jerry, ulemu wonse umandibalalikira ngati anapiye aona mphamba.

Loweruka limene tinapangana kuti tikaonekere kuchikazi, ndinabwereka jekete yakuda kwa mnansi wanga, munthu woonda kuposa ine, ndipo ndinaivala mochita kupanikiza mimba. Ndinatengana ndi mng'ono wanga, amene ntchito yake inali kuvomereza zonse zimene ndiyankhule. Mayi ake a mtsikana anatilandira mwaulemu, natikhazika pasofa, natipatsa thobwa m'makapu aakulu. Anatiuza kuti achimwene awo, omwe ndiwo ankhoswe a kuchikazi, anyamuka kale ku Lunzu koma minibasi ikuwachedwetsa. Pansi, pamkeka, panali ana anayi amene ankaonera makatuni pa televizioni yomwe inali pafupi ndi chitseko. Mayi aja anatambasula dzanja kuti aizimitse, koma ine, pofuna kuoneka munthu wokonda ana, ndinati, "Asiyeni ana, mayi, sakutisokoneza ayi." Pa mawu onse amene ndayankhulapo m'moyo mwanga, amenewa ndiwo ndimanong'oneza nawo bondo kwambiri.

Mayi atangotuluka kupita kukhitchini, katuni ina inatha, ina inayamba, ndipo mtima wanga unagunda nditaona Tom akutulukira pamaso pa khwimbi la anthu atavala suti yakuda ya mchira, akuwerama modzikuza asanakhale papiyano. Inali The Cat Concerto, katuni ya mphindi pafupifupi 7 imene William Hanna ndi Joseph Barbera anapanga ku kampani ya MGM ku America, ndipo inatuluka m'chaka cha 1947. Ndaionera kambirimbiri, ndipo ndimadziwa pamene pali dzenje lililonse, koma kudziwako sikunandipulumutsepo ngakhale kamodzi.

Amene sanaionepo amve mmene imayendera. Tom akuliza nyimbo yovuta ya Franz Liszt yotchedwa Hungarian Rhapsody No. 2, nkhope ili gwa, ngati munthu amene dziko lonse lili pazala zake. M'kati mwa piyanomo, pa tinyundo timene timamenya nsambo, Jerry wagona tulo tofa nato. Tinyundo tija tikayamba kudumpha, timamunyamula ndi kumuponya uku ndi uku mpaka adzuke, ndipo akadzuka amakwera pamwamba pa piyano n'kuyamba kugwedeza kachala ngati wotsogolera kwaya. Tom amamuthothola ndi chala, nkhondo n'kuyambika. Chokoma chake chagona apa: mphakayo sangasiye kuliza, chifukwa anthu akumvetsera, ndiye chilichonse chimene angachite polimbana ndi mdani wakeyo chiyenera kugwera m'kati mwa nyimbo. Ine amene ndimadziwa thukuta limene munthu amatuluka akaphonya kiyi imodzi pamaso pa mpingo, ululu wa Tom ndimaumva m'mafupa, ndipo n'chifukwa chake umandiseketsa koposa. M'katuni yonseyo mulibe amene amatsegula pakamwa kuyankhula, choncho ana a ku Chilomoni aja ankagubuduzika pamkeka osafuna wowamasulira Chingerezi.

Ndinalimbana nako kuseka monga mwamuna. Jerry atamenyetsa chivundikiro cha makiyi pa zala za Tom, ndinayang'ana kalendala ya pakhoma n'kuyamba kuwerenga masiku a mwezi wa June. Atatulutsa sizasi n'kumayesa kudula chala chimene chinkangomuzemba potsatira nyimbo, ndinaluma mlomo n'kukumbukira maliro a agogo anga. Mng'ono wanga anandigunda ndi chigongono nanong'ona kuti, "Achimwene, tili kwa eni ake kuno." Ndinagwedeza mutu, n'kunyamula kapu ya thobwa kuti ndibise nkhope, ndipo kumeneko ndiko kunali kulakwa kwachiwiri, chifukwa nthawi yomweyo Jerry anazula makiyi awiri n'kutchera msampha pamalopo. Zala za Tom zinavina mbali iyi ndi mbali iyo ya msamphawo, zikuulambalala, mpaka chimodzi chinalowamo. Thobwa limene linali pakhosi panga linasintha njira n'kutulukira m'mphuno, gaga wa chimera n'kumwazikira patayi. Ana aja anatembenuka, naona kuti malume a suti ali mbali yawo, ndipo kuyambira pamenepo tinali mpingo umodzi.

Chakumapeto Jerry, atatopa ndi kumenyedwa ndi tinyundo, amathyola tiwiri n'kuyamba kuliza yekha nyimboyo ali m'kati, mwaliwiro loopsa, ndipo Tom amakakamizika kuthamangitsa zala pamakiyi kuti anthu asazindikire kuti woliza ndi wina. Akaganiza kuti nyimbo yatha, imayambiranso. Pomaliza amagwera papiyano ali wefuwefu, suti ili mbwee, manja a jekete atathothoka, ndipo Jerry amatulukira atavala kasuti kake n'kuweramira anthu amene akuwomba m'manja.

Apa ndiyenera kufotokoza kanthu kamodzi kamene kanandipachika. Anthu ambiri amati Jerry ndi mbewa, koma ine monga mphunzitsi ndakhala ndikutsutsa zimenezi kwa zaka zambiri, pakuti mbewa imakhala kumunda ndipo ndi ndiwo, pomwe kanyama kokhala m'nyumba, koba chakudya cha eni ake, ndi khoswe basi. Ndikanakhala munthu wosaumirira zinthu, ndikanati mbewa, ndipo nkhani ino sikanakhalapo.

Khwimbi la mu televizioni litayamba kuwomba m'manja, ndinapezeka nditaimirira ndikuwomba nawo, misozi ili chuchuchu. Ndinamva kuti kweee kumsana, jekete ya eni ake itang'ambika kuchokera paphewa mpaka m'chiuno, koma sindinasamale. Ndinaloza chala kutsogolo n'kufuula ndi mawu amene ndimatsogolera nawo kwaya kuti, "Taonani khoswe wamwanoyu! Khoswe wopanda khalidwe, wongofika mochedwa kudzadya thukuta la anzake!"

Televizioni ija, monga ndanena, inali pafupi ndi chitseko. Pachitsekopo panali pataima bambo wachikulire wa imvi, chipewa kumanja, ndodo kumanzere, fumbi la ulendo likadali pansapato, ndipo chala changa chinali chitawaloza pachifuwa penipeni.

M'nyumba munangoti zii. Ana anazimiririka pamkeka n'kukaunjikana kuseli kwa sofa, ndipo mng'ono wanga, amene anabwera kudzavomereza zonse zimene ndiyankhule, anayamba kuyang'anitsitsa zingwe za nsapato zake. Mkulu uja anapachika chipewa pamsomali mosafulumira, nakhala pampando, natsamira ndodo yake, nati, "Zikomo bambo. Kuchedwa ndachedwadi. Koma nkhoswe wamwanoyo, wodya thukuta la anzakeyo, ndiye ndani pakhomo pano?"

"Pepani bambo," ndinatero ndikunjenjemera, dzanja limodzi likugwira jekete kumsana, "ndimanena khoswe, osati nkhoswe."

"Khutu langa lakalamba," anayankha, "koma chala chanu ndachiona bwinobwino."

Munthu wanzeru akanagwada pamenepo n'kukhala chete, koma uphunzitsi unandikwera kumutu. Ndinayamba kufotokoza kuti katuni imeneyi si yamasewera, kuti inapata mphoto ya Oscar, imodzi mwa mphoto 7 zoterezi zimene Tom ndi Jerry analandira, ndiponso kuti kampani ya Warner Bros. inatulutsa ina yofanana nayo, ya kalulu Bugs Bunny akuliza nyimbo yomweyo akuvutitsidwa ndi khoswe wake, mpaka mbali ziwirizo zinalozana zala kuti wina wabera mnzake. Ndinawonjezera kuti a Liszt anabadwira ku Hungary m'chaka cha 1811 ndipo anali katswiri wa piyano wosayerekezeka. Mkuluyo anamvetsera zonsezi osaphethira, kenaka anafunsa mwaulemu kuti, "A Liszt amenewa ndi a kuchimuna?"

Amene anandiombola ndi kamtsikana ka zaka ngati 6, kamene kanasuzumira kuseli kwa sofa n'kunena kuti, "Agogo, tibwezere muone nokha khosweyo." Asanayankhe, kanali katadina kale rimoti.

Ankhoswe a kuchikazi anaonera manja ali pandodo, nkhope ngati ya woweruza mlandu wa malire a munda. Ataona kuti Tom akulephera kumenya mdani wake poopa kuwononga nyimbo, anang'ung'udza kuti, "Khoswe akakhala pamkhate sapheka." Pa sizasi paja ndevu zawo zinagwedera pang'ono. Pa msampha, mapewa anayamba kudumpha, ngakhale kuti pakamwa panali potseka. Koma Jerry atalowa mumpando wa piyano n'kuyamba kuukweza ndi kuutsitsa Tom ali pomwepo akuyesetsa kufikira makiyi, mkuluyo anaphulika ndi phwete limene linabweretsa mayi aja kuchokera kukhitchini mthiko uli m'manja. Anaseka mpaka kutsokomola, ndodo inagwa, ndipo zinatengera madzi akumwa kuti apezenso mpweya. Katuni itatha sanawombe m'manja, koma anapukuta misozi n'kunena mokwiya kuti, "Anthu amenewa alibe chilungamo. Walima ndi mphaka, wokolola n'kukhala khoswe? Tabwezeraninso, mwina sindinaone bwino."

Tinaionera katatu. Nkhani ya mbeta inayamba nsima itazizira kale, ndipo inayenda mosavuta, kupatula kuti pomaliza mkuluyo anabweza nkhope yake ya woweruza n'kugamula kuti chala chimene chinamuloza chilipe nkhuku imodzi, yosiyana ndi tambala wa pachinkhoswe. Ndinalipira, ndipo ndinalipiranso telala wa pamsika amene anayang'ana jekete ija nthawi yaitali asanandifunse ngati ndinachita ndewu.

Tsiku la chinkhoswe, abale a mbali zonse atadzaza bwalo, mkulu uja anaimirira ndi maikolofoni kuti atchule oyang'anira banja latsopanolo. Anadzitchula yekha, natchula womuthandiza, kenaka anandiyang'ana, nadikira mpaka anthu onse atakhala chete, nati, "Ndipo kuchimuna, aimirire a Khoswe."

Ndinaimirira. Adzukulu anga a m'banja limenelo tsopano alipo awiri, ndipo onse amakhulupirira kuti limenelo ndilo dzina langa la ubatizo.