Mayi wonyamula chiwindi cha mchimwene wake

Lolemba kusikelo kunali kodzaza, amayi ena atakhala pansi pakhonde. Nditamugoneka mayi wina wa zaka 29 kuti ndimuyeze, ndinaona chipsera chachitali chodutsa pansi pa nthiti. Sichinali cha opaleshoni ya mwana. "Anesi, anandiika chiwindi ku India zaka zitatu zapitazo. Achimwene anga ndiwo anandigawira chawo." Pathupi pake panali pa miyezi itatu, ndipo aka kanali koyamba kutenga pathupi. Zaka zonse ndagwira uzamba kuno ku Mchinji sindinakumanepo ndi zotere, ndipo mtima unandigunda.

Ndinamupempha akhuthule kachikwama kake ka mankhwala patebulo. Chimene ndinkaopa kupezamo ndi mycophenolate, mmodzi mwa mankhwala oletsa thupi kukana chiwindi choikidwa, poti ameneyu amachotsa mimba kapena kupundula mwana, ndipo mayi amayenera kumusiya masabata osachepera 6 asanaime. Mwamwayi munalibe. Dokotala wake anamusinthira ku azathioprine asanasiye kulera, pamodzi ndi tacrolimus amene amamwa m'mawa ndi madzulo, onsewa oletsanso thupi kukana chiwindi. Mayiyu anadikiranso kupitirira chaka chimodzi kapena ziwiri zimene madokotala amalangiza kuti zidutse munthu akaikidwa chiwindi asanaime. BP inali bwino, mkodzo wopanda vuto. Dokotala wathu anamulembera aspirin wamphamvu yochepa, chifukwa amayi otere BP imawakwera msanga, ndipo ambiri amachira masiku asanakwane.

Lachitatu ndinamuitananso ndi apongozi ake, ndipo apa mpamene zinaululika. Mayiyu anali atadumpha tacrolimus masiku anayi. Kumudzi anamuuza kuti mapilisi ochuluka chonchi amupsereza mwana m'mimba. Sindinawakalipire agogowo, chifukwa nawonso amafuna mdzukulu wamoyo. Ndinangowauza kuti, "Amayi, thupi la mpongozi wanuyu limachiona chiwindicho ngati mlendo. Mankhwalawa ndi amene amalitonthoza. Akasiya, thupi lichikana chiwindi, ndiye titaya mayi ndi mwana yemwe." Anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa za mwanamphepo wa nthawi yochira. Ndinawakaniza ndithu, pamodzi ndi mankhwala ena onse azitsamba. Pachikuto cha buku lake la kuchipatala ndinalemba ndi cholembera chofiira kuti asapatsidwe erythromycin, mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda, popanda kufunsa dokotala, popeza amakweza tacrolimus m'magazi mpaka kuwononga impso. Masikito tinamupatsa, poti mankhwala akewa amachepetsa chitetezo cha mthupi, ndipo malungo pa munthu wa chitetezo chochepa sachedwa kukula.

Lachinayi linapita ndi ntchito yamasiku onse: amayi asanu anachira, mmodzi kudzera ku opaleshoni, magetsi anazima kawiri.

Lachisanu m'mamawa ndinaperekeza mayi uja pa ambulansi yopita ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, kuti akatswiri akayeze magazi ndi kuona ngati masiku anayi aja sanachivulaze chiwindi. Tagwirizana kuti azibwera kwa ife masabata awiri aliwonse, koma akachirire ku Lilongwe. Apongozi aja anakwera nawo, kachikwama ka mankhwala kali pamiyendo pawo, ndipo tisanafike pa Kamwendo anandifunsa ola lenileni loti azimukumbutsa kumwa madzulo.