Usiku umene ndinadzutsa wonyamula nyali

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikuyendetsa masewero a Dungeons & Dragons, masewero ofotokozerana nkhani patebulo, kwa anzanga anayi. Aliyense ali ndi munthu wake wongopeka, ine ndimakhala kumutu kwa tebulo ndi mapepala ndi madayisi, n'kumawauza zimene akuona. Nthawi yonseyi mitembo yoyenda ndinkangoiponya m'njira mwawo ngati zitsa zoti azule. Akantha, agwetsa, apitirira. Palibe ankachita mantha, ngakhale ine ndemwe sindinkamva kanthu mumtima.

Zinasintha nditakhala pansi n'kuwerenga bwinobwino za Orcus, chiwanda cha m'masewerawa chimene chimalamulira akufa okana kugona m'manda. Dzinali si la dzulo. Aroma akale ankatchula Orcus ngati mulungu wa kumalo a akufa, wolanga anthu ophwanya malumbiro. M'masewerawa analowa mu 1976, m'kabuku ka Eldritch Wizardry kolembedwa ndi Gary Gygax ndi Brian Blume. Maonekedwe ake ndi oti ukawaona kamodzi suiwala: chithupi chonenepa, mutu wa nkhosa yamphongo, miyendo ya mbuzi, mapiko a mleme, m'dzanja muli ndodo yokhala ndi chigaza kunsonga. Kwawo ndi ku Thanatos, gawo la 113 la phompho lotchedwa Abyss.

Koma chimene chinandigwira mtima si mapikowo. Ndi chimene iye amafuna. Milungu ina ya imfa imalandira akufa n'kuwasunga. Orcus amadana ndi moyo, komanso salola imfa kumaliza ntchito yake. Amalakalaka dziko la zii, lopanda kulira kwa khanda, lopanda wopuma, aliyense akungoyenda chifukwa iye walamula. Amalanda munthu chinthu chomaliza chimene ngakhale mmphawi amakhala nacho, ndicho mpumulo.

Ndipo iye mwini imfa anailawa. Nkhani zake zimati Kiaransalee, mulungu wamkazi wa kubwezera wa drow (mtundu wongopeka wokhala pansi pa nthaka), anamupha, n'kulanda Thanatos, n'kulamula kuti dzina lake lifafanizidwe paliponse pamene linalembedwa. Ndodo ija inakabisidwa kutali ku Pandemonium, dziko lina la mapanga amdima. Komabe anabwerera ngati chithunzithunzi chowonda chotchedwa Tenebrous, ali ndi mawu amodzi otha kupha mulungu, ndipo anapha nawo milungu ina monga Primus ndi Maanzecorian pofunafuna ndodo yake. Zimenezi zili m'buku la masewerawa lotchedwa Dead Gods, lolembedwa ndi Monte Cook, la mu 1997. Mfumu ya mizukwa kusanduka mzukwa, yopanda dzina, yoyendayenda ndi njala: apa m'pamene ndinayamba kumumvetsa. Vecna, mfiti yosafa ya m'masewerawa yodziwika ndi dzanja ndi diso lake zamatsenga, naye anatchulidwa koyamba m'kabuku ka 1976 komweko ndipo ambiri amamukonda, koma ine sandinjenjemeretsa chotero. Iye anasankha yekha kukana imfa. Anthu a Orcus ambiri safunsidwa n'komwe.

Ndiye ndinayesa. M'nkhani yathu munali mnyamata wonyamula nyali, munthu wamba amene ndinkamulankhulira ine. Analibe lupanga, ankangotsogolera gulu m'mapanga n'kumayimba mluzu akachita mantha. Atafa pankhondo ina, anzangawo anaimitsa ulendo, namuika m'manda pafupi ndi mtsinje, mmodzi mpaka anafufuta ndalama papepala lake kuti agule mwala wapamanda.

Patadutsa milungu itatu, gululo linalowa m'kachisi wa otsatira Orcus. Sindinanene kuti kukubwera mdani. Ndinangoti, "Mukumva mluzu kutsogoloko, ndipo kukubwera kuwala kwa nyali." Kenako ndinayimba mluzu uja pang'onopang'ono, mothothoka, ngati wa munthu wopanda mpweya m'chifuwa.

Patebulo panangoti zii. Mnzanga amene nthawi zonse amathamangira kuponya dayisi ya mbali 20 anaigwira m'manja, kuitembenuzatembenuza, kenako n'kuiika pansi osaiponya. Wina anandifunsa motsitsa mawu, "Akutizindikira?" Ndinayankha kuti mapazi ake akadali ndi matope a kumtsinje kuja, ndipo nyali waigwira mmene ankaigwirira kale, kuikweza pang'ono kuti iwo aone njira.

Anakambirana pafupifupi theka la ola. Sankafunsana kuti amugonjetsa bwanji, poti n'kukantha kumodzi akanagwa. Ankafunsana kuti ndani mwa iwo achite zimenezo, ndiponso ngati pali njira yoti asadzadzutsidwenso kachiwiri. Amene anagula mwala uja ndiye anavomera. Atamaliza ananyamula mtembowo kubwerera nawo kumtsinje, ulendo wa masiku awiri m'nkhaniyo, chuma cha m'kachisi osachikhudza.

Orcus mwiniwake sanaonekebe patebulo pathu, ndipo sindikufulumira kumubweretsa. Koma kuyambira usiku umenewo, ndikangotchula chizindikiro cha ndodo ya chigaza pakhoma, anzangawo amakhala tsonga. Nyali ija akuyenda nayobe, yalembedwa papepala la mmodzi wa iwo, pakati pa chingwe ndi mpeni.