Ulendo wokaona mdzukulu, ndi mtedza womwe sindinadye

Lachinayi usiku, ku Johannesburg.

Ndikulemba ndili pabedi m'chipinda cha alendo, mapazi atatupa ngati mikate. Mdzukulu wanga wagona chipinda chinacho. Ali ndi masiku 12 chibadwire, ndipo lero ndi pomwe ndamuona ndi maso. Koma kuti afike m'manja mwanga panadutsa pafupifupi ola lathunthu ine ndili kale m'nyumba.

Ndinadzuka 4 koloko mbandakucha, ngakhale kunena zoona sindinagone. Mwana wanga, yemwe ndi namwino kuno, anachezera kunditumizira mavoisi pa WhatsApp ngati namkungwi. "Amayi, masiki musaiwale. Amayi, timapepala tonyowa tija mugule tolembedwa kuti timapha majeremusi, osati topukutira makanda. Amayi, muwerenge pabotolo la sanitayiza, alcohol wake asachepere 60 peresenti." Ndinamukumbutsa kuti iyeyo ndinamulera wopanda zonsezi ndipo anakula mpaka kukhala namwino. Anaseka, kenaka n'kunena kuti, "Ndikufuna mufike ndi mphuno youma, amayi, kuno kuli khanda." Pamenepo ndinasowa chonena.

Ndinagwa nayo ndisanaione n'komwe ndege. Pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, sutikesi yaikulu itapita kale, ndinafika pomwe amasecha katundu wa m'manja. Mtsikana wa yunifolomu anasolola m'chikwama changa chibotolo cha sanitayiza cha theka la lita, chomwe ndinagula dzulo lake ndi ndalama zowawa. Mwaulemu ndithu anati, "Mayi, ichi sichidutsa. Zamadzimadzi m'chikwama cha m'manja zisapitirire 100 ml pabotolo." Ndinayesa kudandaula kuti ndikupita kukaona khanda, koma lamulo silidziwa mdzukulu. Mlandu unali wanga, chifukwa voisi yonena zimenezi ndinaimvera ndikutsuka mbale. Mwayi wake m'thumba la juzi munali kabotolo kakang'ono kotsala nthawi ya Covid, kakadali ndi theka.

Pamalo omwewo pali mabeseni apulasitiki omwe timaikamo foni, wotchi, lamba ndi pasipoti kuti zidutse m'makina. Mwana wanga anali atandiuza kale nkhani yake. Mu 2018 kunatuluka zotsatira za kafukufuku yemwe akatswiri a ku Finland ndi a ku yunivesite ya Nottingham anachita pabwalo la ndege la Helsinki. Anapeza tizilombo ta chimfine ndi matenda ena a m'chifuwa pa theka la mabeseni omwe anawayeza, pomwe m'zimbudzi za pabwalopo sanapezemo tizilombo ta mtundu umenewo. Nditamva koyamba ndinaseka, koma nditaima pamzere paja ndikuona beseni limodzi likuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, zinandilowa. Chimbudzi aliyense amachiopa, ndiye chimakolopedwa pafupipafupi. Beseni palibe amaliopa. N'chimodzimodzi kwathu: nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inatenga anthu oposa 1,700, alangizi a zaumoyo sankangofunsa za chimbudzi ayi. Ankafunsanso za kapu ija imakhala pamwamba pa ndowa ya madzi akumwa, yomwe mwana aliyense amaimiza m'madzimo ndi zala zake zomwe. Nditatola foni yanga ndinaipukuta, n'kudontheza sanitayiza m'manja.

M'ndege ndinapeza mpando wa pazenera, womwe mwana wanga anandisankhira dala kuti ndisamakhudzidwe ndi aliyense wodutsa m'kanjira ka pakati. Ndisanakhazikike ndinatulutsa timapepala tanga. Ndinayamba ndi chitsulo cha lamba, kenaka potsamira mikono, chotsekera zenera, ndi kabatani kozungulira kotsegulira mpweya pamwamba pa mutu. Katebulo kodyera ndinakapukuta mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi kachingwinjiri kake kotsekera, komwe ndi komwe aliyense amagwira. Pepala loyamba linatuluka lotuwa. Sindinadabwe kwenikweni. Ndege ikatera sikhala nthawi yaitali pansi, ena akutsika ena akudikira kale pakhomo, ndiye okonza amathamangira kutola zinyalala zooneka ndi maso.

Apa m'pomwe ndinatsala pang'ono kuononga ntchito yonse. Nditaona katebulo kali chinyezi, dzanja linapita lokha kukona ya chitenje kuti ndiumitse, monga timachitira ndi mbale. Ndinakumbukira mochedwerako kuti mankhwala a m'timapepalati amafuna nthawi. Pamalopo pazikhala ponyowa kwa kanthawi komwe kalembedwa papaketi, kwa mitundu ina mpaka mphindi zingapo, kenaka paume pokha. Ukapukuta msanga wangowasambitsa majeremusiwo. Thumba la kumbuyo kwa mpando sindinalivutikire, popeza ndi lansalu ndipo pepala lonyowa silithandiza pansalu. Nditasuzumiramo ndinaona tishu yogwiritsidwa kale ntchito itakulungidwa pansi. Foni ndi magalasi zinakhala pamiyendo panga ulendo wonse.

Ndili pakati pa ntchitoyi anafika oyandikana nawo mpando, bambo ena achikulire a jekete lachikopa, omwe anati amapita ku Joni kawirikawiri kukaoda katundu wa m'shopu. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati, "Mayi, kodi mwalembedwa ganyu muno?" Tinaseka tonse. Atakhala pansi anandiuza maganizo awo: kupukuta n'kutaya nthawi, matenda a m'ndege ali mumpweya, tonse tatsekeredwa m'chitini chimodzi ndipo tikupumirana.

Ine ndinali ndi mayankho a namwino wanga m'mutu, ndiye ndinawakhuthulira. Mpweya wa m'ndege zikuluzikuluzi sukhala womwewomwewo. Pafupifupi theka umachokera kunja, wotsalawo umadutsa m'masefa otchedwa HEPA, ofanana ndi a m'zipatala, omwe amakola 99.97 peresenti ya tinthu ting'onoting'ono touluka. Mpweya wonse umasinthika pakangopita mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo umatsika kuchokera kudenga kupita pansi, suyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Minibasi ya ku Mchesi nthawi ya mvula, mawindo onse atatsekedwa, ndiye chitini chenicheni. Bambo aja anagwedeza mutu, n'kunena kuti, "Nanga sefayo ikakole bwanji chifuwa changa chisanafike kwa inu, pomwe tagundana mapewa chonchi?"

Ndinaona kuti akunena zoona, ndipo apa anandiposa nzeru. Sefa imathandiza pa munthu wakhala kutali. Wapafupi akayetsemula, zimayamba zafika pa iwe zisanapite kusefa. Ngati kuti akufuna kutsimikiza mfundo yawo, ndege itangonyamuka anayamba kutsokomola, chifuwa chouma chija chosalekeza. Anati ndi fumbi la mwezi uno. Mwina linalidi fumbi. Ndinatulutsa masiki ina yatsopano n'kunena kuti, "Pepani bambo, musandione chipongwe, ndikupita kwa mwana wa masiku ochepa." Anailandira ndi manja awiri osanyinyirika, n'kufunsa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Vuto lenileni linabwera titadutsa theka la ulendo. Bambo aja anatulutsa m'jekete kajumbo ka mtedza wokazinga, anatsitsa masiki, natapa kangapo ndi dzanja lomwe ankatsokomolera lija, kenaka anandilozetsa kajumboko. "Tiyeni mayi, wa ku Mchinji uwu." Amene anakulira kwathu akudziwa kulemera kwa mphindi imeneyo. Munthu wakulandira masiki yako mwaulemu, wakufunsa za mdzukulu, ndiye iwe ukane chakudya chake? Mavoisi onse a mwana wanga panalibe yonena za mtedza. Ndinatambasula manja awiri, anandithirira, ndinathokoza, kenaka ndinaumanga pamfundo ya chitenje n'kunena kuti ndikadya tikatsika popeza m'mimba simunakhazikike. Anamvetsa, kapena anachita ngati amvetsa. Sanitayiza ndinadzola mobisa, manja ali pansi pa katebulo.

Chinanso chomwe ndinazindikira lero n'chakuti dzanja langa silikhala phee. Ndinaganiza zowerenga kuti ndigwira kumaso kangati, ndipo ndinasiya nditafika pa 10 tisanalandire n'komwe tiyi: kukonza magalasi, kukanda mphuno, kutikita diso. M'ndege mpweya ndi wouma kwambiri, chinyezi chake nthawi zambiri sichifika 20 peresenti, ndiye maso amayabwa, mphuno imauma, milomo imasweka, dzanja n'kumangopita komweko. Ndikuganiza kuti masiki inandithandiza kwambiri potsekereza zala zanga zomwe. Madzi ndinamwa a m'botolo, kawiri konse.

Madziwo ananditumiza kuchimbudzi, kachipinda koti munthu wathupi ngati ine amatembenuka mopempha. Ndinasamba m'manja ndi sopo kwa masekondi 20, kupaka mpaka pakati pa zala ndi kuzikhadabo, ngakhale kampopi kake kamangotulutsa madzi pang'onopang'ono. Apa sanitayiza yekha sakwanira, chifukwa kachilombo kotsegula m'mimba ndi kusanzitsa kotchedwa norovirus sikafa msanga ndi alcohol, kamafuna sopo ndi madzi. Chotsegulira chitseko ndinachigwira ndi tishu. Pobwerera ndinadzandira ndege itagwedezeka, n'kugwira mitu ya mipando itatu motsatizana. Ntchito yonse ija inathera pomwepo, ndinayambiranso ndi kabotolo kanga.

Ndikaunguza tsopano, kupukuta kuja mbali ina kunali kongokhazika mtima wanga pansi. Sindingapukute ndege yonse, ngakhale zitsulo za m'basi yotitengera kukhomo, ngakhale cholembera chobwereka. Manja okha ndiwo ndikanatha kuwalondera, ndipo ngakhale amenewo ankandizemba.

Ku O.R. Tambo anadzandichingamira apongozi anga, bambo a khandali. Apa mpomwe ndinaseka ndekha mumtima. Iwo anaima chapatali n'kuwerama pang'ono akuomba m'manja, ine ndinanjuta, tinafunsana za ulendo osagwirana chanza. Mwambo womwe ana a masiku ano amati ndi wachikale unatichitira zomwe a zaumoyo ankavutika kutiphunzitsa mu 2020.

Kunyumba mwana wanga anandilandirira pakhomo, maso ali ndi misozi, koma manja atawabisa kumbuyo. "Amayi, madzi ndatenthetsa kale. Mukasambe kaye, zovala za paulendo muike m'beseni umo. Ndipo pomunyamula musamupsompsone kumaso." Zinandilasa, sindinama. Ndachoka kutali, kamwana ndikukamva kakulira chipinda chachiwiri, ine akundilozera kubafa. Anandifotokozera ali panja pa chitseko kuti khanda losakwana miyezi itatu likangotentha thupi kufika madigiri 38 ndi nkhani yothamangira kuchipatala usiku womwewo, ndipo chimfine chomwe ine ndingachimwere mandimu iye chikhoza kumugoneka m'wodi.

Ndili m'bafa ndinakumbukira amayi anga malemu. Nditabereka mwana yemweyu, anakhala pakhomo la nyumba ngati mlonda masiku onse a chikuta, mpaka mchombo utagwa. Alendo ankabwerera pakhonde, ngakhale azakhali ochokera kutali. Amayi angawo ankanena za anthu otentha ndi ozizira, mdzukulu wawoyu akunena za majeremusi, koma nkhope yomwe anandionetsa pakhomo lero ndi yomwe ija ya agogo ake.

Ndinatuluka nditavala diresi ya mwana wanga, yothina m'mapewa. Ndinasambanso m'manja iye akuona, kenaka anandiika kamwanako m'mikono. Kanali kopepuka ngati mtolo wa thonje, ndipo kanagwira chala changa n'kukana kuchisiya.

Posankha zochapa madzulo ano ndapeza mfundo ija pachitenje. Mtedza wa bambo a jekete lachikopa udakali momwemo, khumi ndi zingapo. Kutaya ndalephera. Ndauika m'kambale pamwamba pa firiji, mawa ndiukazinganso pachiwaya ndidye ndi tiyi.