Lipoti la ulendo wa kwaya yathu ku Blantyre

Kwaya yathu inanyamuka ku Lilongwe m'mamawa pa kositala, kudzera msewu wa M1 mpaka ku Blantyre, komwe kwaya ya mpingo mnzathu inatilandira. Cholinga chinali kukaona mmene anzathu amaphunzirira nyimbo, kujambula ndi kuyimba pagulu, popeza nafenso tikukonzekera chimbale. Pa Chingeni akuluakulu anaonetsa achinyamata msewu wa ku Balaka, kwawo kwa Alleluya Band, gulu lomwe linayamba mu 1978 pansi pa mpingo wa Katolika ndipo linasula Paul Banda ndi Lucius Banda.

Zokambirana zoyamba zinali za ndalama. Kale woyimba ankadalira kugulitsa makaseti ndi ma CD, ndipo ambiri ankapereka zimbale zawo kwa O.G. Issa kuti azigulitse. Lero nyimbo ikangotuluka imafalikira pa WhatsApp, ndipo pamsika anyamata amaiyika pa memori khadi osapereka kanthu kwa mwini wake. Magulu akuluakulu monga Ndirande Anglican Voices, Great Angels Choir ndi Kamuzu Barracks Gospel Singers amadziwika kwambiri ndi zoyimba pamaso pa anthu, m'malo ngati Robin's Park ndi Comesa Hall ku Blantyre kapena Sheaffer ku Lilongwe. Chimbale chasanduka choyitanira anthu ku shoo. Achinyamata nawo atsegula njira ina: Suffix amalalikira ndi hip hop, Faith Mussa ndi gitala, pomwe ana a malemu Grace Chinga, yemwe anamwalira mu 2016, akupitiriza pomwe mayi awo anasiyira.

Pa maphunziro a nyimbo, anzathuwo sayamba ndi kiyibodi. Soprano, alto, tenala ndi besi amakhala padera kufikira aliyense atagwira mzere wake, kenako amakumana n'kuyimba opanda chida chilichonse. Apa ndi pomwe zolakwika zimamveka: alto wotsatira soprano, kapena besi wongong'ung'udza osatchula mawu. Kiyibodi imalowa pomaliza, ndipo kiyi, kutanthauza mlingo wa kukwera kapena kutsika kwa mawu a nyimbo, amasankha poyang'ana pomwe soprano amafika bwino. Makwaya ambiri amakweza kiyi pofuna kuti nyimbo itenthe, mapeto ake amayi amasasa mawu pulogalamu isanafike pakati.

Ku situdiyo sajambula kwaya yonse nthawi imodzi. Wojambula amayamba wapanga zida pa kompyuta, ndiye anthu atatu kapena anayi a mbali iliyonse amalowa ndi mahedifoni, n'kubwereza mzere womwewo kuti mawu amveke ochuluka. Wotsogolera nyimbo amajambula pomaliza. Amene sanazolowere kutsata liwiro la zida amathamanga pa kolasi, ndipo kubwerezabwereza kumadya nthawi yomwe mwalipira. Vuto lina ndi lakuti ojambula ena amagwiritsa ntchito kamvekedwe ka ng'oma komweko pa kwaya iliyonse, n'chifukwa chake zimbale zambiri zimangofanana. Pitani ndi nyimbo yanu itapsa kale, apo ayi akupatsani yawo.

Madzulo tinaonera anzathu akukonza zokuzira mawu pokonzekera kuyimba. Masipika akuluakulu amawayika kutsogolo kwa mamaikolofoni, atayang'ana kwa anthu. Akakhala kumbuyo, mawu amabwerera mu maikolofoni n'kuyamba kulira kuja kobowola m'makutu. Mbali iliyonse ya kwaya ili ndi maikolofoni yake, wotsogolera yakeyake, ndipo iye saiphimba kumutu ndi dzanja chifukwa kutero kumayitananso kulirako. Pansi kutsogolo amayika sipika imodzi yoyang'ana oyimba kuti azimva kiyibodi. Popanda iyo kwaya imatsika kiyi osadziwa. Zonsezi amaziyesa maola awiri anthu asanalowe, jenereta ili pambali ndi mafuta, poti magetsi akathima pakati pa nyimbo palibe amene amadikira.

Tinatsutsana ndithu pa nkhani yoyimba motsatira nyimbo yojambulidwa kale pa fulashi. Ndi zotchipa, sizifuna oyimba zida, koma simungabwereze kolasi pomwe anthu ayamba kuvina, ndipo fulashi ikadumpha manyazi amagwira onse. Ife tikuona kuti kiyibodi imodzi ndi ng'oma zenizeni zimaposa.

Tisanabwerere tinagwirizana izi: mlembi akalembetse nyimbo zathu ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, chimbale chisanatuluke, ndi mayina a amene anapeka iliyonse, kuti mawa pasadzakhale mkangano; nyimbo ziwiri zokha zijambulidwe kanema wa pa YouTube ndi pa TV, zina zitumizidwe ku mawayilesi monga Trans World Radio ndi Radio Alinafe. Msungichuma adzatsegula nambala ya Airtel Money ndi Mpamba ya kwaya, kuti ndalama za matikiti zisamadutse pa foni ya munthu mmodzi.