Mbuzi ija sindinaijambule ikudya

Lachitatu, ku Ulongué, tauni ya m'boma la Angónia ku Mozambique. Chisanu cha ku Angónia chagwa ndithu, ana afika manja ali m'khwapa. Pa phunziro la Chinyanja ndawajambulira zithunzi zitatu pa bolodi, zopanda mawu: mbuzi yaima pa mpanda wa dimba, kenako mayi akuthamanga ndi ndodo kabichi ali mbwee pansi, pomaliza mbuzi ili pa chingwe. Ataziyang'ana ndafufuta, talowa masamu.

Poti tiweruke ndawafunsa zomwe anaona. Ambiri ati anaona mbuzi ikudya kabichi. Mtsikana wina mpaka walumbira: "Aphunzitsi, tsamba linali kukamwa!" Chithunzi chimenecho panalibe. Wachipanga yekha m'mutu kuti choyamba chigwirane ndi chachiwiri, ndipo pofika masana chasakanikirana ndi zomwe maso anaonadi.

Mtima wanga wakondwa, chifukwa kumva nkhani ya zithunzi n'kumeneko. Wojambula sangaike zonse. Mpata wa pakatiwo amadzaza ndi woyang'ana, ndipo mwana amene wadzaza bwino ndiye kuti nkhani wayigwira.

Zimenezi si za ana okha. Mu 2001, akatswiri ofufuza za maganizo a anthu, Hannigan ndi Reinitz a ku America, anaonetsa anthu zithunzi za mayi ali m'sitolo, malalanje atamwazika pansi. Pambuyo pake anthuwo ankakonda kuvomera kuti anaonanso mayiyo akusolola lalanje kunsi kwa mulu, chithunzi chomwe sanaonetsedwe. Chondigwira mtima n'chakuti zimachitika kwambiri munthu akaona mapeto a chinthu osaona chiyambi chake. Akaona chiyambi chokha, sapeka mapeto chimodzimodzi.

Madzulo ndapita ku bwalo la amfumu, kwathu kumudzi. Mlandu unali wa ng'ombe zomwe akuti zinawononga mbatatesi m'dimba la mayi wamasiye. Mboni, bambo wachikulire wosadziwika ndi bodza, yati, "Ndinaziona ndi maso angawa zikulowa." Amfumu afunsa modekha kuti, "Inu munali pati?" Zapezeka kuti bamboyo anafika mpanda utagwa kale, ng'ombe zili kutsidya kwa mtsinje, mnyamata woweta akuzikusa. Ndamumvera chisoni, poti ndikukhulupirira kuti m'mutu mwake akuzionadi zikulowa. Mnyamata uja nayenso ndamumvera chisoni, anangokhala chete makolo ake akuwerengera mameticais (ndalama za ku Mozambique) a chipepeso.

Amfumu aimitsa mlandu mpaka Loweruka, ati kubwere amayi amene ankachapa kumtsinje m'mawa umenewo.